Mutu wa mwana wanga ukukula motalika, akuti msoko wa chigaza unatsekeka msanga. Alipo anadutsamo?

Nachisale_Dedza
Moni nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zanu, lero ndabwera ndi yanga. Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 4. Chibadwire mutu wake ndi wautali kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, koma m'mbalimu ndi wopanikizika. Ukasisita pamwamba, kuyambira paliwombo kupita kumbuyo, umamva kamzere kotukuka kolimba. Kusikelo ankangoti anapanikizika pobadwa, uwongoka wokha. Apongozi anga akhala akumuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda m'mawa uliwonse, koma chipumi chikungotulukirabe kutsogolo.

Mwezi watha dokotala wina anaugwira mutuwo, anauyeza ndi tepi, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamujambula pamakina a CT ndipo anatiuza kuti ndi craniosynostosis, kuti msoko wa pakati pa chigaza unagwirana nthawi yake isanakwane. Akunena za opaleshoni. Bambo ake angokhala duu, ndipo kwawo akukana kwamtuwagalu. Akuti khanda saling'amba mutu, mwana akuyamwa bwino, akuseka, ndiye tikufunanso chiyani. Ine tulo tinatha. Alipo amene mwana wake anapangidwa opaleshoni imeneyi? Anachira? Nzeru zake zili bwanji? Komanso ndiuzeni zoona, kodi pali chomwe ndinalakwitsa ndili woyembekezera?

MayiWaAnyamata
Pepani kwambiri achemwali. Limbani mtima, pagulu pano pali anamwino, akuyankhani.

Gogo_Nasibeko
Mwana wanga, ine ndalera ana anga ndi zidzukulu zomwe, ambiri anabadwa ndi mitu yosongoka. Timathowa, timaumba pang'onopang'ono ndi manja, mutu umabwerera. Miyezi 4 yachepa. Musathamangire mpeni.

NamwinoWakale
Agogo, zomwe mukunenazo n'zoona kwa ana ambiri, koma za mwana uyu ndi zina. Mundilole ndifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa ambiri timasokoneza.

Chigaza cha khanda si fupa limodzi. Ndi mafupa angapo olumikizana ndi misoko yofewa, ndipo liwombo ndi malo amene misoko ija imakumana. Misoko imeneyi ndi yomwe imalola kuti mafupa akwerane pang'ono mwana akamabadwa. N'chifukwa chake makanda ambiri amatuluka ndi mutu wosongoka, ndipo pakangopita masiku kapena masabata ochepa umabwerera wokha, kaya wathowedwa kaya ayi. Amenewo ndi omwe mwawaona inu agogo. Ntchito ina ya misoko ndi kupereka mpata woti ubongo ukule. Chaka choyamba ubongo umakula mofulumira kwambiri: mwana amabadwa mutu wake ukuzungulira masentimita pafupifupi 35, pokwanitsa chaka umakhala cha m'ma 46.

Tsono msoko umodzi ukatsekeka msanga n'kusanduka fupa, chigaza sichingatambasukenso mbali imeneyo. Ubongo ukukulabe, ndiye umakankhira komwe kuli mpata. Mukaona dzungu lomwe laberekera pakati pa miyala iwiri, silikula mobulungira, limatalika motsatira mpata womwe lapeza. Kwa mwana wa a Nachisale watsekeka ndi msoko wa pamwamba, woyenda kuchokera paliwombo kupita kumbuyo, choncho mutu sukukula m'mbali, ukupita kutsogolo ndi kunkhongo. Mtundu umenewu ndi womwe umapezeka kwambiri, makamaka mwa ana aamuna. Kamzere kotukuka komwe akumvako ndi msoko womwe wauma.

Fupa lomwe lagwirana silitseguka ndi madzi ofunda kapena manja. Ndipo chonde musamakanikize mutu wa mwanayo mwamphamvu.

A Nachisale, funso lanu lomaliza: ayi, simunalakwitse. Vutoli limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 obadwa, m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Mwa ana ambiri amene msoko watsekeka ndi umodzi, limangochitika popanda chomwe mayi anachita kapena kudya, ndipo nthawi zambiri limayamba mwana ali m'mimba.

Gogo_Nasibeko
Ndamva mayi namwino. Ineyo kamzere kolimbako sindinakaonepo mwa ana anga. Ngati zili choncho ndiye n'zina ndithu.

Kamlepo_22
Si zomwe zija mutu umadzaza madzi? Mwana wa msuweni wanga anamuika kapaipi kochokera m'mutu kupita m'mimba.

NamwinoWakale
Ayi achimwene, imeneyo ndi hydrocephalus. Kumeneko madzi a mu ubongo sayenda bwino, amachuluka, mutu wonse umakula mopitirira, liwombo limatukuka, misoko imachita kutalikirana. Kuno misoko yatsekeka. Palinso vuto lina loti mutu wonse umakhala waung'ono chifukwa ubongo weniweniwo sukukula. Zitatuzi ndi zosiyana ndipo chithandizo chake n'chosiyana, n'chifukwa chake amajambula kaye.

BamboWaThoko_CapeTown
Mlongo wanga Nachisale, ndikulemba ngati bambo amene anadutsa momwemo, ndipo ngati n'kotheka muwawerengere amuna anu.

Ife timakhala ku Cape Town. Mwana wathu anabadwa ndi vuto lomwelo, msoko womwewo wa pamwamba. Zipewa zonse zomwe anthu anatipatsa sizinkamukwana, zinkatsalira kunkhongo. Atatiuza za opaleshoni ine ndinakhala chete ngati mmene akuchitira amuna anuwo. Anthu ankaona ngati sindikusamala. Koma chinali chinthu chimodzi chokha chomwe chinkazungulira m'mutu mwanga: ndisaine pepala ndi dzanja langa, kenako mwana asadzuke, ndikawauza chiyani makolo kumudzi? Mwamuna akakhala duu pankhani ngati iyi kawirikawiri ndi mantha. Musamuumirize ndi mawu ambiri. Mutengeni akakhale yekha pamaso pa dokotala wa opaleshoniyo, afunse mafunso ake, aone chithunzi cha chigazacho ndi maso ake. Ine chomwe chinanditembenuza ndi chithunzicho. Misoko ina yonse imaoneka ngati timizere totseguka, pamwamba pokha panali fupa losalala lopanda mzere.

Anamupanga ku Red Cross War Memorial Children's Hospital ali ndi miyezi 8. Sindikubisirani, tsikulo ndi lolemera. Amacheka khungu kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo, mokhotakhota kuti tsitsi likamera chipsera chisaoneke. Amachotsa msoko wouma uja, amadula ndi kukonza mafupa kuti mutu upeze mpata m'mbali. Ubongo saukhudza, amagwira fupa lokha. Ili ndi funso lomwe amayi anga ankafunsa kawirikawiri pafoni, ndiye nanunso mukawauze apongozi anu: ubongo saucheka. Zinatenga maola angapo. Anamuthira magazi, chifukwa khanda lili ndi magazi ochepa ndipo opaleshoni ya pamutu imataya ambiri. Usiku woyamba anagona kuchipinda cha odwala kwambiri.

Chomwe ndikufuna mudziwiretu ndi kutupa. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu nkhope inatupa mpaka maso anatsekeka. Madokotala anali atatichenjeza, komabe kuona ndi maso n'kwina. Mwana ankalira chifukwa sakuona, ankatonthola akamva mawu a mayi ake ndi kununkhiza bere. Kenako diso limodzi linatseguka, lina n'kutsatira, anayamba kuseweretsa machubu. Sabata isanathe tinali kunyumba.

Pano ali ndi zaka 6, ali kusukulu, amawerenga, amamenya mpira, ndi wovuta ngati anzake onse. Chipsera chimaoneka akameta mpala basi. Tinapitiriza kupita kukaonedwa, amayeza mutu komanso maso, poti kuseri kwa diso ndi komwe amaonera ngati m'chigaza muli kupanikizika.

Nachisale_Dedza
A bambo a Thoko, ndawerenga ndikulira. Zikomo. Zakutupa maso palibe anandiuza. Koma inu muli ku Joni, ife kuno zitheka?

BamboWaThoko_CapeTown
Madokotala omwe anamujambulawo ndi amene akuuzeni komwe ikachitikire. Afunseni mosaopa: mupanga ndinu kapena mutitumiza kwina? Mupanga njira iti? Mwana akhale ndi miyezi ingati? Magazi alipo? Lembani mafunsowo papepala, chifukwa ukalowa mkati muja zonse zimauluka.

Mphunzitsi_Zomba
Kuwonjezera apo, kwathu kuno madokotala a opaleshoni ya mutu ndi ubongo alipo ngakhale ndi ochepa. Ku Blantyre ali ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwenso kuli Mercy James Centre yomwe inatsegulidwa mu 2017 kuti izipanga maopaleshoni a ana, ndipo ili ndi chipinda cha ana odwala kwambiri. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LION pafupi ndi Kamuzu Central, cha mafupa ndi ubongo. Zomwe sizingatheke kuno boma limatumiza odwala ena kunja, makamaka ku India, koma zimadutsa m'makalata a madokotala ndipo pamakhala mzere. Ndiye musataye kalata iliyonse, chimbale cha CT chija ndi buku la kuchipatala musunge malo amodzi.

Mtumiki_Yohane
Ine ndinene mosapsatira. Mulungu amene anaumba mwanayo m'mimba sanalakwitse. Bwerani naye kumapemphero, tisale kudya, msoko umenewo utseguka. Tathamangira kwa anthu kwambiri masiku ano.

MayiWaAnyamata
Abusa, pempherani, ifenso tipemphera nawo. Koma musamuuze mayi kuti asankhe pakati pa Mulungu ndi chipatala. Luka amene analemba uthenga wabwino anali sing'anga.

Mtumiki_Yohane
Sindinati asapite kuchipatala. Ndati ayambe ndi Mulungu.

NaMoyo_Mzimba
Ndiye ayambe ndi Mulungu ali paminibasi yopita kuchipatala. Ine mlamu wanga anazungulira ndi mwana wa khunyu m'mapiri a mapemphero zaka ziwiri, mankhwala atasiya. Mwanayo anagwera pamoto. Sinditsutsana ndi pemphero, ndimatsutsana ndi kuchedwetsa mwana.

Chisomo_Leeds
Nkhani ya nthawiyi ndi yeniyeni, ndipo ndi yomwe ndimafuna nditsindike. Wanga anabadwira kuno ku England, vuto lomwelo, koma linadziwika ali ndi masabata ochepa. Kuno kuli zipatala zinayi zomwe zinasankhidwa kuti zizisamalira ana oterewa: Great Ormond Street ku London, Birmingham, Oxford ndi Alder Hey ku Liverpool. Anatifotokozera kuti njira zilipo zingapo ndipo zimatengera msinkhu. Mwana akakhala wamng'ono kwambiri, miyezi yoyambirira, mafupa amakhala ofewa. Pamenepo amatha kucheka pang'ono, kuchotsa msoko woumawo, kenako mwana amavala chipewa cholimba chopangidwa pamuyeso wa mutu wake, pafupifupi tsiku lonse kwa miyezi yambiri. Kwina amaikamo timawaya tokankha mafupa m'mbali, todzachotsanso pakapita miyezi ingapo. Wanga anamuika timawaya timeneti. Mwana akakulako njira zimenezi sizigwiranso, imatsala yaikulu ija yomwe afotokoza bambo a Thoko, yomwe kawirikawiri amapanga pakati pa miyezi 6 ndi chaka chimodzi. Sindikunena kuti njira ina ndi yabwino kuposa inzake, zonse zimathandiza. Ndikungoti kukangana kwa kubanjako kusadye miyezi, chifukwa fupa silidikira kuti ankhoswe amalize kukambirana.

Kamlepo_22
Inu a ku Ulaya zanu n'zofewa. Kuno kungopeza thiransipoti yochoka ku Dedza kupita ku Blantyre ndi nkhani.

Chisomo_Leeds
Zoona achimwene, sindikukana. Koma mantha a mayi pakhomo la fiyeta ndi amodzi kulikonse.

Nangozo_Ntcheu
Pa za thiransipoti, amene anakhalapo pa ugadiyani andivomereza kuti chomwe chimatha ndalama si basi yokha. Ndi makala, ndiwo, sopo, matewera, mayunitsi. Ine ndinadikirira mayi anga mwezi wathunthu. Tengani ufa wanu kunyumba, nyemba, kapoto, beseni, zitenje zambiri. Komanso mupite awiri, chifukwa mayi woyamwitsa sangasiye khanda pabedi kukaphika kukhitchini ya magadiyani.

Aphiri_Kabaza
Makala adula zedi chaka chino, thumba lomwe tinkagula mosavuta pano ukaliyang'ana kawiri.

MayiWaAnyamata
Aphiri, za makala tidzakambe tsiku lina. Tibwerere kwa mwanayu.

Nachisale_Dedza
Pali china chomwe sindinanene poyamba chifukwa cha manyazi. Azakhali a amuna anga akunena kuti mwanayu anasemphedwa, kuti mmodzi wa ife anayenda njira zosayenera mwana asanatulutsidwe m'chikuta. Ena akuti n'chifukwa sindinalole kuti amupake mankhwala a liwombo. M'nyumba mwathu tayamba kuyang'anana ndi diso lina.

Gogo_Nasibeko
Iyayi, pamenepo ndilankhule ine wamkulu. Za tsempho tinakulira momwemo, ndipo ndaona mabanja akutha chifukwa cha mawu amenewa pamene mwana ankangodwala matenda oti akanachira kuchipatala. Namwino wanena kuti fupalo limayamba kugwirana mwana ali m'mimba. Ndiye chikuta chikubweramo bwanji? Azakhaliwo akhale pansi. Mwana wanga, usalole kuti akusenzetse mlandu pamwamba pa mtolo womwe uli nawo kale.

NamwinoWakale
Zikomo agogo. Pa mankhwala a liwombo ndiwonjezere. Liwombo la kutsogolo limatsekeka lokha, kawirikawiri pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka, ena mpaka zaka 2. La kumbuyo laling'ono lija limatseka m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba. Zopaka sizilitseka ndipo sizilitsegula. Liwombo likalowa mkati, makamaka mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi, akufunika Thanzi ORS ndi chipatala msanga. Likatukuka n'kulimba mwana ali phee osalira, chimenechonso ndi chothamangira nacho. Ndipo kwa mwana amene akuyembekeza opaleshoni, pamutu pasatemedwe mphini kapena kupakidwa chilichonse, chifukwa bala kapena zilonda pakhungu zingachititse kuti opaleshoni iimitsidwe.

Malume_a_Ndirande
Ine ndili ndi maganizo ena, mundikhululukire. Mchimwene wanga wamkulu ali ndi mutu woterowo, wautali, kusukulu ankamutcha mayina. Sanapangidwe opaleshoni iliyonse, nthawi imeneyo ndani ankadziwa? Lero ndi munthu wa zaka za m'ma 40, ali ndi banja, amakonza magalimoto, nzeru zake n'zakuthwa kuposa ine. Ndiye ndimafunsa, kodi opaleshoniyi si yongofuna kukongoletsa? Kuika khanda pa ngozi chifukwa cha maonekedwe?

BamboWaThoko_CapeTown
Funso limeneli ndinalifunsa ndekha kwa dokotala. Anandiyankha moona: ana ambiri a msoko umodzi ubongo wawo umakula bwino, ndipo gawo lalikulu la opaleshoni ndi kukonza maonekedwe a mutu. Koma mwa ena chigaza chimadzapanikiza ubongo akamakula, zomwe zimabweretsa litsipa losatha, kusanza, kuvutika kuphunzira, ngakhale kuwonongeka kwa maso. Khanda la miyezi 4 sungalidziwe kuti lidzakhala mbali iti. Ndipo ukadikira kuti uone, opaleshoni ya mwana wamkulu imakhala yovutirapo chifukwa fupa lalimba ndipo mipata yomwe yatsala siidzaza yokha mosavuta ngati mwa khanda.

Komanso malume, mwanena nokha kuti ankamutcha mayina. Munamufunsapo kuti zinkamupweteka bwanji? Ine sindiona maonekedwe ngati nkhani yaing'ono kwa mwana amene adzakhale m'kalasi ya ana 100.

Malume_a_Ndirande
Anasiya sukulu ali sitandade 6, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chomwecho. Mpaka lero chipewa sachivula pagulu. Komabe ine ndikanakhala bambo wa mwanayu ndikanaopa.

NamwinoWakale
Kuopa n'koyenera malume, opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi yake: kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, mankhwala ogonetsa. Makolo ali ndi ufulu wofunsa zonsezi komanso wosankha. Pali ana ena omwe vutoli ndi lochepa ndipo madokotala amangoti tiziwaona. Chomwe ndimakana ine ndi choti chisankhocho chipangidwe pabwalo ndi anthu amene sanaone chithunzi ndipo sanalankhule ndi dokotala.

Mayi_wa_Mphatso
Ndakhala ndikuwerenga, ndimati ndisalembe, koma mwina zithandiza wina. Wanga ndi wamkazi ndipo zake ndi zazikulu kuposa zomwe mukukambazi. Anabadwa ndi Apert syndrome. Misoko ya m'mbali zonse ziwiri inatsekeka, mutu ndi wamtali chokwera, pakati pa nkhope ndi polowa, maso otuluka pang'ono, zala za m'manja ndi za kumapazi zinabadwa zogwirana. Atangobadwa m'chipindamo munangoti zii. Ena mwa achibale sanabwere kudzaona mwana.

Kwa ana ngati wanga si opaleshoni imodzi. Pali ya mutu, pali za zala, ndipo akuti akadzakula padzafunika ya nkhope. Kupuma usiku kumavuta, amaliza mkonono, makutu amadwala kawirikawiri. Madokotala anandiuza kuti zimachokera ku kusintha kwa jini imodzi (kachinthu ka m'thupi komwe kamalamula kapangidwe ka mwana), ndipo mwa ana ambiri zimangoyambira pa mwanayo, makolo onse ali bwinobwino. Mawu amenewo anandimasula, chifukwa ndinkayenda ndi mtima woti ndine wotembereredwa.

Chomwe chimandipweteka si chipatala, ndi msika. Anthu amayang'ana, ena amachita kubwerera kuti aonenso. Poyamba ndinkamufunditsa chitenje mutu wonse ngakhale kukutentha. Tsiku lina mkulu wake, wa zaka 7, anandifunsa kuti bwanji mumamubisa Mphatso, walakwa chiyani? Kuyambira pamenepo ndimamubereka poyera. Wofunsa mwaulemu ndimamufotokozera, wonyoza ndimamusiya. Mwanayu amakonda nyimbo, amagwira supuni ndi zala zomwe anamulekanitsa, amayitana aliyense m'nyumba ndi dzina.

A Nachisale, wanuyo ndi msoko umodzi, zala zili bwino, nkhope ili bwino. Njira yanu ndi yaifupi kuposa yanga. Pitani nayeni.

Nachisale_Dedza
Mayi a Mphatso, ndilibe mawu. Mulungu akupatseni mphamvu. Ndingakonde tidzalankhulane patokha.

NaMoyo_Mzimba
Mayi a Mphatso, mwandiphunzitsa. Mumupsompsone mwanayo m'malo mwanga.

Tadala_Area25
Pepani kulowerera. Wanga ali ndi miyezi 3 ndipo kunkhongo mbali ya kumanja ndi kophwatalala. Nditawerenga izi mtima wanga wathawa. Ndi zomwezi?

NamwinoWakale
Kawirikawiri ayi. Kuphwatalala kwa mbali imodzi ya kunkhongo nthawi zambiri kumabwera chifukwa mwana amagonera mbali imodzimodzi, misoko ili yotseguka bwinobwino. Zimenezo sizifuna opaleshoni. Pogona usiku azigonabe chagada, ndiko kotetezeka, koma muzisintha mbali yomwe mutu wayang'ana. Masana ali maso inu mulipo, muzimugoneka chafufumimba kwa kanthawi, muzimunyamula, muzisinthanitsa mkono poyamwitsa. Muonenso ngati khosi lake limatembenukira mbali zonse mofanana, poti ana ena mnofu wa khosi umakhala wolimba mbali imodzi ndipo amafunika mafizo. Msoko wa kumbuyo umathanso kutsekeka msanga koma si kawirikawiri. Mukapita kusikelo apempheni augwire mutuwo ndi kuuyeza ndi tepi, osati kulemera kokha. Mukaona kuti sizikusintha, kapena mukumva kamzere kolimba, pemphani kuonana ndi dokotala.

Mphunzitsi_Zomba
Mfundo ya tepiyi ndi yofunika. Kusikelo timangoyang'ana makilogalamu ndi katemera, mutu timauiwala. Amayi tizifunsa tokha.

Nachisale_Dedza
Ndabweranso abale. Ndinawapatsa amuna anga foni kuti awerenge zomwe analemba bambo a Thoko. Anawerenga osanena kanthu, m'mawa mwake anati tipite limodzi. Apongozi aakazi nawonso anatsatira. Dokotala anawaonetsa chithunzi, ndipo funso loyamba la apongozi linali lomwe lija, ngati acheka ubongo. Atamva kuti ayi anapuma. Anafunsanso ngati tsitsi lidzamere. Amuna anga anafunsa za ngozi, anawauza zonse osabisa. Sananene kuti mantha atha, koma avomera. Azakhali aja sanasinthe maganizo, tangowasiya. Atiuza kuti akufuna mwana akwanitse miyezi 6 kaye, azionedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndizimuyamwitsa bwino kuti magazi akhale okwanira. Atiuzanso zoti tikaona tithamange osadikira tsiku: kusanza kosalekeza, kugona kwambiri osafuna kuyamwa, kulira kosatonthozeka, liwombo kutukuka.

BamboWaThoko_CapeTown
Auzeni achimwenewo kuti achita chamuna. Tsiku la opaleshoni asadzakhale yekha panja, apite ndi mnzake womulankhulitsa. Mudzatengenso malaya a mwana otsegula kutsogolo, a mabatani, chifukwa ovalira kumutu sadzalowa masiku oyambawo.

Kamlepo_22
Za magazi zija, ine ndine wokonzeka kupereka. Zimayenda bwanji, ndingapereke kuti apatsidwe mwanayu?

NamwinoWakale
Magazi amatoleredwa ndi a Malawi Blood Transfusion Service, amayezedwa, kenako amagawidwa m'zipatala malinga ndi gulu la magazi lomwe wodwala akufuna. Anuwo mwina sadzapita kwa mwana uyu mwachindunji, koma ndi momwe nkhokwe imadzazira kuti tsiku lake likafika asabwezedwe. Pitani mukapereke, musadikire tsikulo.

Aphiri_Kabaza
Inenso ndipita. Ndiwauzanso anzanga a pasiteji.

Mtumiki_Yohane
Mudzatiuze tsiku, mpingo wathu udzakhala ukupemphera nthawi yomwe ali mufiyeta.

Esnart_Kasungu
Ndalowa mochedwa. Mdzukulu wanga wa miyezi 7 ali ndi kamzere kotukuka pakati pa chipumi, kuchokera pamphuno kukwera m'mwamba. Mayi ake akuti palibe vuto. Nditani?

NamwinoWakale
Msoko wa pachipumi ndi womwe umayamba kutsekeka mwachibadwa, mwana asanakwanitse chaka, ndipo mwa ana ena umasiya kamzere kotero popanda vuto lililonse. Chodetsa nkhawa ndi pamene chipumi chasongoka kutsogolo, m'mbali mwake mwalowa, maso ayandikana kwambiri. Muyang'aneni mutu kuchokera pamwamba ali pamiyendo panu, pamenepo ndi pomwe zimaoneka bwino. Kaya mwaona chiyani, pitani naye dokotala akamugwire ndi manja ake, ndipo mutenge zithunzi zake za miyezi yapitayi ngati zili m'foni kuti akayerekeze.